Mbalame za ku Mikuyu ndi ife okumbukira mosankha

Ndakhala ndikuwerenganso buku lachiwiri la ndakatulo za a Jack Mapanje, The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, limene linasindikizidwa ndi Heinemann m'chaka cha 1993. Chinandibwezera ku bukuli ndi macheza a pa mwambo wina wa Amalawi kuno ku Mangalande, pamene bambo wina anati nthawi ya Kamuzu kunali bata, mitengo ya zinthu inali yotsika, ndipo munthu ankagona osatseka chitseko. Ambiri tinavomera ndi mutu, inenso ndinali mmodzi mwa iwo. Ana athu anali pomwepo, akumvetsera.

Buku loyamba la a Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981. Mmenemo mlakatuliyu ankalankhula ngati nanzikambe, kusintha mtundu pofuna kudutsa pakati pa adani. Ankaphiphiritsa kwambiri, kotero kuti wowerenga ankayenera kudziwa nthano za makolo ndi ndale za masiku amenewo kuti atolepo kanthu. Komabe kuphiphiritsako sikunawapulumutse. Mu 1985 bukulo linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, ndipo mu September 1987 apolisi anawagwira ku Zomba, ali mkulu wa gawo la Chingerezi pa Chancellor College. Anakhala m'ndende ya Mikuyu zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri osazengedwa mlandu. Atatulutsidwa mu 1991 anasamukira kuno ndi banja lawo, mumzinda wa York.

Ndamvapo ophunzira ena akunena kuti buku lachiwirili silifika pa loyamba, ati luso linachepa chifukwa mlakatuli anayamba kunena zinthu mosapsatira. Ine ndikukana. Utoto wa nanzikambe uja tinkauyamikira ngati luso, ndipo linalidi luso, koma mbali ina unali mantha, mantha omwewo amene ankatichititsa kutsitsa mawu m'basi tikaona munthu wachilendo wakhala pafupi. Munthu amene watuluka ku Mikuyu alibenso chobisira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndipo kuyera kwa mawu sikunachotse nzeru. Taonani mbalame za pa mutu wa bukuli. Ndi timbalame tenitenidi, timene tinkabwera tambirimbiri madzulo kudzagona pa waya wotchinga pamwamba pa bwalo la ndende, kusokosera usiku ndi kugwetsera zitosi pa akaidi, iwo n'kumakolopa m'mawa. Mbalame imene ife timaiyesa chizindikiro cha ufulu, kumeneko inali ntchito yakalavulagaga. Ndinaseka powerenga, kenaka ndinachita manyazi ndi kuseka kwanga. Palinso ndakatulo ya kukwecha makoma a ndendeyo, pamene akaidi amalamulidwa kufafaniza zimene anzawo akale anakanda pakhoma. Imeneyi ndiyo inandilasa, pakuti zimene tinkachita pa macheza aja ndi zomwezo: kukwecha khoma kuti ana aone loyera.

Tikumbukirenso mmene ndakatulozi zinabadwira. Cholembera ndi pepala zinali zoletsedwa, choncho zambiri a Mapanje ankazipeka m'mutu ndi kuzisunga momwemo kufikira atatuluka. Mwina n'chifukwa chake zimamveka bwino poziwerenga mokweza, ngati munthu akusimbira anzake za ulendo woipa.

Dandaulo ndili nalo limodzi. Bukuli ndi la m'Chingerezi, ndipo amayi ambiri amene ankayenda mitunda kufunafuna kumene amuna awo atsekeredwa sangaliwerenge. Zimenezi zimandiwawa. Koma kwa ife a kunja kuno chilemacho chasanduka mwayi, popeza ana athu amene Chichewa chimawavuta angathe kulitsegula okha, osadikira kuti tiwamasulire ndi kuwasankhira zoti amve.

Sindikutsutsa kuti shuga anali wotsika mtengo masiku amenewo. Anali wotsikadi. Koma m'chaka chomwe bukuli linatuluka, pa 14 June 1993, Amalawi anafunsidwa pa referendamu ndipo ambiri anasankha zipani zambiri, akudziwa bwino mtengo wa shugayo. Mwana wanga wamkazi ndamupatsa bukuli sabata yatha. Wandifunsa kale kuti Mikuyu ili mtunda wotani kuchokera kwa agogo ake, ndiponso kuti ine ndinali kuti mu 1987.