Kubwera ndi vinyo wako kulesitilanti: wopindula ndani?

Mumzinda wa London ku Britain, sichachilendonso kuona munthu akulowa m'lesitilanti atanyamula botolo la vinyo lomwe wagula kusitolo. Woperekera zakudya amalilandira, kulitsegula ndi kuthira m'matambula, ndipo pochoka mwini botoloyo amalipira ndalama yapadera yotchedwa corkage.

Kale mchitidwewu unkapezeka makamaka m'timalesitilanti tophika zakudya za ku India, tomwe tidalibe chiphaso chogulitsira mowa. Lero wafika ngakhale m'malo otchuka omwe ali ndi vinyo wawo wogulitsa. Mwachitsanzo, Hawksmoor, yomwe idatchuka ndi nyama ya ng'ombe yowotcha, idayambitsa ndondomeko yoti Lolemba lililonse kasitomala azibwera ndi vinyo wake n'kulipira mapaundi 5 okha pa botolo.

Gwero la zonsezi ndi mtengo. Malesitilanti ambiri amagulitsa vinyo pamtengo wowirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi wakusitolo. Kuwonjezera apo, mu August 2023 boma la Britain lidasintha msonkho wa zakumwa zoledzeretsa kuti uzitengera ukali wa chakumwacho, zomwe zidakweza mtengo wa mitundu yambiri ya vinyo. Banja lomwe thumba lapepuka limaona kuti kunyamula botolo lake ndiyo njira yopitirizira kudyera kunja.

Komatu kwa mwini lesitilanti, vinyo sichakumwa chabe. Phindu la pambale ya chakudya ndi lochepa, kaamba koti imadya nyama, ndiwo, magetsi komanso thukuta la ophika. Botolo silifuna kuphika ndipo siliwonongeka msanga likakhala losatsegula, choncho ndilo limathandiza kulipira lendi ndi malipiro a antchito. Mtolowu udalemera kwambiri mu April 2025 pomwe ndalama ya National Insurance, yomwe olemba anthu ntchito amalipira kuboma, idakwera kuchoka pa 13.8 kufika pa 15 peresenti.

Nanga n'chifukwa chiyani eni malowa akulola kuti phindu lawo lichepe? Yankho lagona pa matebulo opanda anthu. Kumayambiriro kwa sabata makasitomala amachepa, koma lendi siisiya kuwerengera. Munthu wobwera ndi botolo lake amaitanitsabe chakudya, ndipo kuphonya phindu la vinyo kuli bwino kusiyana n'kukhala ndi mpando wopanda munthu. Mpake kuti mwayi wotsika mtengowu umaperekedwa kawirikawiri Lolemba kapena Lachiwiri, osati Loweruka. Chinanso n'choti omwa vinyo akuchepa. Bungwe loona za vinyo padziko lonse la OIV lidalengeza kuti vinyo yemwe adamwedwa m'chaka cha 2024 adali wochepetsetsa chiyambire 1961.

Kumadera ena mwambowu udabadwa ndi malamulo. M'chigawo cha New Jersey ku America, lamulo limalola chiphaso chimodzi chokha chogulitsira mowa womwera pomwepo pa anthu 3,000 aliwonse a m'dera. Ziphasozi n'zosowa komanso zodula, kotero malesitilanti ambiri alibe. Malo oterewa amaloledwa kulandira vinyo wa kasitomala koma saloledwa kulipiritsa corkage, ndiye eni ake amawerengera ndalama zonse zoyendetsera bizinesi pamtengo wa chakudya.

Phunziro lake ndi lakuti tebulo silikhala laulere. Phindu likachoka m'botolo, limakabisala m'mbale. Akuluakulu adati walira mvula walira matope: mchitidwewu ukafalikira masiku onse a sabata ku London, mwina mtengo wa chakudya ukwera, apo ayi corkage ikwera mpaka kunyamula botolo kukhale kopanda phindu. Chakudya chikakwera, ngakhale wosamwa mowa, yemwe wakhala akudya motsikirapo mtengo chifukwa cha ndalama za omwa, adzamva kuwawa.

Palinso gulu lomwe silitchulidwa kawirikawiri: operekera zakudya. Malesitilanti ambiri a mumzindawu amawonjezera 12.5 peresenti pa bilu ngati ndalama yothokozera antchito, ndipo kuyambira October 2024 lamulo limati ndalamayi izipita yonse kwa iwo. Bilu ikachepa kaamba koti vinyo wachokera kunyumba, gawo lawo limachepanso, chonsecho ntchito yotsegula botolo, kuthira ndi kutsuka matambula ndi yomweyo.