Safunsa anadya phula: kwa ofuna kubweretsa mayina aakulu ku Lichinga

Safunsa anadya phula. Uchi unali pomwepo, koma iye sanafune kufunsa eni njuchi. Mwambiwu ndikuupereka kwa kampani iliyonse ya ku Maputo kapena Johannesburg imene ikuganiza zotsegula nthambi kuno ku Niassa pa mgwirizano wa franchise, uja woti mwini dzina amabwereketsa dzina lake ndi kachitidwe kake, munthu wakuno n'kuika ndalama zake, kumanga malo, kulemba antchito, n'kumalipira mwezi ndi mwezi.

Kale ankati kuno n'kosafikika, ndipo sankanama. Koma njanji ya Cuamba ndi Lichinga inatsegulidwanso mu 2016, ndipo msewu wa N13 wodzera ku Mandimba tsopano ndi wa tala. Katundu afika. Chimene sichikwera sitima ndicho kudziwa anthu.

Tinaziona ndi kampani ya mafoni ya Movitel. Itayamba mu 2012, inapeza mCel ndi Vodacom zitakhazikika kale m'mizinda. Iyo inalowera kumidzi, kuimika nsanja kumene anzake sankapita, n'kutumiza ogulitsa ake khomo ndi khomo. Wogulitsa mayunitsi pamsika anali mwana wa pomwepo, wolankhula Chiyao kwa Myao, Chinyanja kwa wa ku Metangula, Chimakua kwa wa ku Cuamba. Movitel si franchise ya malo odyera, koma phunziro lake ndi lomwelo: dzina lachilendo limayenda ndi miyendo ya eni dera.

Tsono taganizani za kampani yogulitsa nkhuku yootcha imene yafika ndi buku la malamulo lolembedwa ku Maputo, makilomita oposa 2,000 kuchokera kuno. Bukulo silidziwa kuti Lichinga ili pamtunda wa mamita oposa 1,300, ndipo mu Juni ndi Julayi munthu amafuna tiyi wotentha, osati chakumwa cha mufiriji. Silidziwa kuti ogula ambiri kuno ndi Asilamu, amene asanafunse mtengo amafunsa kaye amene wazinga nkhukuyo, ndiponso kuti m'mwezi wa Ramadan malonda a masana amazizira, n'kudzaphulika dzuwa likalowa. Silidziwa kuti ndalama kuno imabwera ndi nyemba, mbatatesi ndi fodya, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale matumba amakhala opanda kanthu. Wodziwa zonsezi ndi munthu uja wasainira mgwirizano. Nanga bwanji amangopatsidwa chikwangwani ndi yunifolomu, osafunsidwa kanthu?

Apa mpamene mtima wanga umawawa. Mayi amene wasonkhanitsa ndalama zaka zambiri pogulitsa nyemba ku Nampula, n'kuwonjezera ngongole ya kubanki, sayenera kulipira chiwerengero chofanana mwezi wa njala ndi mwezi wokolola. Malipiro a mwini dzina akhale gawo la zimene zagulitsidwa, kuti malonda akagwa onse awiri amve kupweteka. Apatsidwenso dera lake lolembedwa bwino, kuti asadzuke tsiku lina n'kupeza nthambi ina ya dzina lomwelo kutsidya kwa msewu.

Sindikunena kuti zonse zisinthidwe. Ukhondo, kakomedwe, kulemba bwino mabuku a ndalama, izi mwini dzina aumirire ndithu, pakuti n'zimene wogula akulipirira. Koma mbatatesi ya tchipisi ichokerenji kutali pamene mapiri ozungulira Lichinga amabereka yochuluka? Nando's, imene inayamba mu 1987 ku Rosettenville mu Johannesburg, imagula tsabola wake kwa alimi ang'onoang'ono a ku Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe, ndipo dzina lake silinachepe nazo. Kampani yobwera kuno iuze alimi mtundu ndi kukula kwa mbatatesi imene ikufuna, ipangane nawo mtengo asanabzale. Mlimi amene wagulitsako thumba lake pamalopo ndi amene adzabwere ndi ana ake Loweruka.

Za kufalikira, kuthamanga sikufika. Yambani pa Cuamba, pamene njanji ya ku Nacala imagawikana ndipo katundu savuta, kenako Lichinga. Ku Mandimba, pafupi ndi chipata cha Chiponde, kapena ku Metangula kunyanja, kauntala yaing'ono pamalo omwetsera mafuta ikwanira mpaka malonda atasonyeza okha kuti akufuna nyumba.

Nanunso abale anga ofuna kugula dzina, funsani. Pitani ku Nampula kapena ku Tete, mukakhale pansi ndi amene anasaina kale mgwirizano ngati womwewo. Akuuzeni kuti lole ikachedwa amataya zingati, kuti metikali ikagwa amene amasenza mtengo wa katundu wochokera kunja ndani, ndiponso kuti mukafuna kutulukamo mudzatsala ndi chiyani. Pepala lolembedwa m'Chipwitikizi cha maloya mulipititse kwa loya wanu, osati wa kampaniyo, musanaikepo dzina lanu.