Msonkho ndi umodzi, bwanji ofesi iliyonse ifuna netiweki yakeyake?

Amayi ndi atate a pa msika wa Katete, a ku Sinda ndi a ku Vubwi, tiyeni tikambilane za mawu amene mwatopa nawo kumva: "System ili down, mubwele mawa." Mawu amenewa amadya ndalama. Tomato sadikila mawa. Wa salaula amene wagona pa boda usiku umodzi waluza ndalama ya chakudya ndi malo ogona, ndipo tebulo lake ku msika lakhala lopanda munthu.

Zambia ilibe nyanja yamchele. Intaneti yopita maiko akunja imayenda m'nthambo za pansi pa nyanja, ndipo ife timaifikila kudzela m'maiko a anzathu monga Tanzania, Mozambique, Namibia ndi South Africa. Njila imeneyi ndi yogula, ndipo malonda akunja amayendela madola. Kwacha ikagwa, mtengo umakwela. Amalipila ndani? Ndinu, pa msonkho wa talk time ndi mabundle, komanso pa levy ya mobile money imene boma la UPND linayambitsa mu January 2024.

Manje inu malonda mumawadziwa kuposa ife. Mukafuna katundu ku Chipata kapena ku Soweto ku Lusaka, simutenga Canter aliyense yake. Mumasonkhelana anthu asanu, galimoto imodzi, mtengo watsika. Wogula pa hoselo amanenelela, wogula kamodzikamodzi amangolipila zimene auzidwa. Nzelu imeneyi ndiye tifuna boma liigwilitse nchito pogula netiweki.

Onani pa boda. Pamakhala a ZRA, a Immigration, apolisi, a zaumoyo, a zaulimi oona mbewu ndi ziweto. Onsewa ndi boma limodzi, ndipo onse afunika kulumikizana ndi Lusaka komanso ndi anzawo a tsidya lina. Ngati aliyense akoka nthambo yake, kontilakiti yake, jenereta yake, ndiye kuti msonkho wanu ukulipila chinthu chimodzi kasanu. Ndipo makompyuta awo akapanda kumvana, pepala limodzi mumaonetsa pa mawindo asanu.

Chowawa n'chakuti zida tili nazo kale. ZESCO ili ndi fibre imene imayenda pa nthambo zake za magetsi. Zamtel, kampani ya boma, ili ndi yake. Mu 2017 dziko linayamba nchito yomanga matawa 1,009 ndi Huawei, pa ngongole ya madola 280 miliyoni yochokela ku China, ngongole imene ili pa mutu pa tonsefe. Lamulo la Electronic Government linabwela mu 2021, ndipo Smart Zambia ilipo kuti ilumikize maofesi a boma pa netiweki imodzi. Starlink nayo inalowa m'dziko mu 2023, moti olo malo amene nthambo siinafike angathe kulumikizidwa. Pa Mwami anatsegula One Stop Border Post mu December 2022, umboni wakuti maofesi angagwile nchito pansi pa denga limodzi akafuna.

Nanga ife amene katundu wathu amadzela msewu wa Katete kupita ku Chanida? Nanga a ku Vubwi, boma limene linakhazikitsidwa mu 2012, kumene midzi ina ya m'malile foni imayamba kugwila netiweki ya ku Malawi isanagwile yathu? Mlimi wa ku Sinda akalephela kuombola feteleza chifukwa netiweki yagwa, chimanga chimachepa, ndipo chikachepa inunso pa msika mulibe chogulitsa, makasitomala alibe chogulila.

Ena adzati, "Mukaika onse pa nthambo imodzi, ikaduka ndiye onse agona." Ndi zoona, ndiye chifukwa chake ndalama yopulumuka iyenela kugula njila yachiwili ndi masola. Tonse tikumbuka load shedding ya 2024, pamene magetsi akapita netiweki nayo inali kupita. Ofesi imodzi payokha siingakwanitse njila ziwili. Maofesi asanu pamodzi angakwanitse.

Ena adzati zinsinsi za anthu zidzatayika. Nkhawa imeneyo ndi yoyenela. Koma kukwela Canter imodzi sikutanthauza kutsegulilana matumba. Agawane msewu, mafayilo a munthu akhale kwa amene lamulo la Data Protection la 2021 lamulola chabe.

Ife achinyamata a chipani chathu tikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, a nduna a Technology and Science auze dziko poyela kuti unduna uliwonse ndi bungwe lililonse la boma limalipila zingati pa intaneti pa chaka, ndipo kwa ndani. Ngati zonse zili bwino, kuonetsa manambala sikuvuta.

Chachiwili, pa Chanida ndi pa maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi pakhale kulumikiza kumodzi kwa maofesi onse, kokhala ndi njila yachiwili ndi sola, kuti "mubwele mawa" athe.

Chachitatu, ndalama yopulumuka isabwelele ku maworkshop ndi maallowance. Ipite ku matawa a m'midzi ya m'malile, ndi Wi-Fi ya pa misika, kumene levy imatoledwa tsiku ndi tsiku popanda kuphonya.

Inu a pa msika, musaone ngati nkhani iyi ndi ya ophunzila okha. Khansala wanu akabwela, MP akabwela, a komiti ya CDF akaitana msonkhano, funsani funso limodzi: netiweki ya maofesi a m'boma lino imalipilidwa kangati? Wocheyamani wa msika alembe yankho, tsiku ndi dzina la amene wayankha. Nthawi ya kampeni adzabwelanso ndi zitenje, ndipo pepalalo lidzakhala lili m'manja mwanu.

Tumizilani anzanu a pa msika uthenga uwu.

Mlembi wa Achinyamata