Safunsa anadula waya wa mnzake

Basi ikaima pa toll gate ya Shimabala m'mawa, tayang'anani pa windo. Nyumba zatsopano, mashopu, maenje a mapaipi, zonse zikumera m'mbali mwa msewu wa Kafue. Cimene simuona ndi nthambo zili pansi pa nthaka ndi m'zipupa, zonyamula mau a lamya ndi intaneti. Nthambo imodzi ikaduka, ofesi imakhala cete, makasitomala atumatuma foni osayankhidwa, ndalama nazo zapita.

Vuto lathu ndi lakuti lamya ikafa timaitana aliyense amene ali ndi pulayazi. Afika, aona mtolo wa mawaya ofanana, ayamba kudula mwacimbulimbuli. Pofuna waya umodzi wodwala aononga asanu abwino, kuphatikizapo wa aneba, nagumula cipupa. Kumapeto bilu ibwera kwa inu.

Koma njira yabwino ilipo. Amisiri ophunzira amayenda ndi kacipangizo kochedwa tone probe. Kali mbali ziwiri: kabokosi kamene amamata kumene waya wayambira, kotumiza kulira mu wayayo, ndi kandodo kokhala ndi sipika. Akayendetsa kandodoko pa mtolo, waya wofunikawo umalira kupambana anzake, osasenda ngakhale pang'ono. Amautsatira mpaka pamene kulira kwazimirira, ndiye pafupi pomwepo paduka. Kambiri colakwa cimakhala madzi olowa polumikizira nthawi ya mvula, makoswe m'siling'i, kapena piki ya womanga. Dziwani kuti kacipangizoka kamagwira pa mawaya a mkuwa cabe. Fibre imanyamula kuwala, ili ndi zopimira zake.

Ena adzati manje aliyense ali ndi foni ya m'manja, mawaya ndi akale. Zoona, kucokera mu 1994 pamene Zamtel inapatuka ku PTC zinthu zasintha kwambiri. Koma lowani mu banki, m'cipatala kapena pa sukulu: makompyuta ndi malamya a m'maofesi akali kudalira mawaya a mkuwa.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Eni nyumba ndi eni mashopu, musanalole munthu kugwira mawaya anu, mufunseni pepala la sukulu yovomerezeka ndi TEVETA, mufunsenso cimene adzapimira. Akatsiriza, alembe cizindikiro pa waya uliwonse, kuti wobwera mawa asavutike. Inu omanga ku Shimabala, musanakumbe pafupi ndi msewu, funsani a khonsolo ya Kafue ndi eni nthambo. Ogula zitsulo zakutha, mnyamata akabweretsa mkuwa wonunkha utsi wa pulasitiki, mudziwa kale kumene wacokera. Mukanireni.

Akulu anati safunsa anadya phula. Masiku ano safunsa amadula waya, ndipo amene amalipira ndi komboni yonse.