Zigamba si Usiwa

Ana anga a kuno kunsi kwa phiri, kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mua ndi Mtakataka, ndili nanu mawu pa nkhani ya nsalu. Telala aliyense wa pakhonde ali ndi thumba pansi pa makina, lodzaza tizidutswa totsala podula madilesi ndi malaya. Tina timathera kudzala, tina mumakolezera mbaula. Chonsecho mwera wa mu June ukamawomba usiku, mwana amagona chodzipinda chifukwa bulangete la pakaunjika linatha kale ubweya, ndipo kukabwera mlendo mumathamangira kwa aneba kukapempha chofunda. Nsalu yobwereka siithetsa usiwa. Sokani chofunda chanu cha zigamba.

Ndikudziwa chimene chimakugwirani manja: manyazi. Tinakula tikumva kuti wovala chigamba ndi wosauka. Komatu mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ku Alabama, m'dziko la America, kuli mudzi wotchedwa Gee's Bend, wa zidzukulu za akapolo. Amayi a kumeneko ankang'amba mathalauza akutha a kumunda ndi matumba a ufa n'kusoka zofunda kuti ana asafe ndi chisanu. Mu 2002 zofunda zomwezo zinapachikidwa m'nyumba zazikulu zoonetsera zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zinasindikizidwa pa masitampa a dzikolo. Nanga ife tikuchita manyazi ndi yani? Pa Mua pompa, pa Kungoni imene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, alendo amachokera kutali kudzaona ntchito ya manja a anthu a kwathu konkuno.

Tsono vuto lenileni lili posankha. Mayi akatsegula sutikesi yake amapezamo moyo wake wonse: chitenje cha pa ukwati, mbereko ya mwana woyamba, nsalu ya Amayi Achikatolika kapena ya Mvano, mwinanso yotsala ya kwa David Whitehead, fakitale ya ku Blantyre ija imene a Mapeto anagula mu 2003. Iliyonse amaikonda, ndiye amafuna zonse zilowe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kukonda nsalu sikuipatsa mphamvu. Itambasuleni padzuwa muiyang'ane. Ngati kuwala kukudutsa, pakatipo patha. Dulani m'mbali momwe mudakali molimba, zotsalazo zikhale zopukutira mbale. Mukalumikiza nsalu yofooka ndi yatsopano, yatsopanoyo imakoka pamsoko ndipo yakaleyo imang'ambika mutangochapa kangapo.

Musasakanizenso thonje ndi nayiloni chisawawa. Zitenje zambiri zotchipa za pamsika masiku ano n'zapulasitiki, ngakhale zimawala bwino. Yesani ndi machesi: sololani ulusi pang'ono muutenthe. Thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa, fungo lake la pepala lopserera. Nayiloni amasungunuka n'kuuma kampira kakuda. Kuno kuchigwa kumatentha, si ku Dedza boma ayi, ndipo chofunda cha nayiloni chimakunyowetsa thukuta ngakhale mu July. N'chifukwa chake sindilimbikitsa kuika zokhuthala pakati. Zigamba pamwamba, shiti yakale kapena kabulangete kopyapyala pakati, chitenje chathunthu pansi, basi.

Nsalu yatsopano muyambe mwaichapa payokha. Ina imafupika ikalowa m'madzi, ina imatulutsa utoto, makamaka yofiira ndi yabuluu, ndipo ikasuluka mutasoka kale, zoyera zonse zimadetsedwa. Ikauma muisite. Dulani katoni wa mbali zinayi zofanana, masentimita 15 mbali iliyonse, akhale muyezo wa zigamba zonse, ndipo podula tsatani mmene ulusi wayendera, apo ayi chigamba chidzapotoka. Msoko uliwonse udye sentimita imodzi, osati apa chala, apo chikhadabo. Musanagwire singano, yalani zigamba zonse pamphasa, mubwerere m'mbuyo mapazi angapo, muone. Zamaluwa akuluakulu zikagundana zimakangana. Ikani yosalemba kanthu pakati pawo kuti maso apume. Lumikizani mzere umodzi umodzi, mzere uliwonse mugoneke misoko ndi simbi yamakala, kenako mizereyo muiphatikize. Ambiri amadumpha kusitaku poti n'kotopetsa, ndiye chofunda chimatuluka chamatumbotumbo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pogwirizanitsa nsalu zitatu zija, itanani mnzanu kapena awiri akukokereni m'makona. Yambirani pakati kupita m'mbali, kusoka mizere yotalikirana chikhatho chimodzi, kuti zam'kati zisadzaunjikane kumodzi pochapa. Wopanda makina asadandaule, singano ndi ulusi wopinda pawiri zimakwana. Pomaliza pendererani m'mphepete ndi nsalu yolimba kuposa zonse, poti ndi pamene manja amagwira tsiku ndi tsiku.

Pali nsalu zina zofuna nzeru. Ife amene tinavina pamaso pa Kamuzu tikudziwa kuti nsalu ya nkhope ya munthu imalankhula. Kuchokera mu 1994 zipani zagawa zitenje pa kampeni iliyonse, ndipo m'nyumba zambiri zilimo za mitundu itatu kapena inayi. N'zolimba zina, inde, koma chofunda chimayanikidwa pachingwe anthu onse akuona. Dulani pomwe palibe nkhope kapena chizindikiro, kapena muiike pakati pomwe siioneka. Nsalu ya mpingo yokhala ndi chithunzi cha Amayi Maria kapena mtanda, yambani mwafunsa akuluampingo musanaipititse sizasi. Safunsa anadya phula. Ndipo chitenje cha malemu mayi anu si chanu nokha. Achemwali anu nawonso anaberekedwa pa msana womwewo. Khalani pansi mugwirizane, mugawane, aliyense atenge chidutswa chake. Ndaonapo abale akusiya kulankhulana chifukwa wina anadula nsalu ya mayi mwakachetechete.

Wofuna kugulitsa awerengere ulusi, makala a m'simbi, nsalu yapansi ndi masiku amene wakhala chowerama, osangoti poti zigamba anatola ulere ndiye mtengo ukhale wa tomato. Ndipo telala amene wakusungirani thumba lija mum'patseko kangachepe, kuti mwezi wamawa asakapereke kwa wina.