Msonkho Uzikumbukira Caka ca Tsoka

Anzanga, ambiri a ife tikamva za msonkho timayesa kuti ndi nkhani ya akuluakulu okha. Koma ndarama zolipirira sukulu zathu zicokera ku zigayo, masitolo ndi minda ya makolo athu, tsono nkhaniyi itikhudza.

Lamulo la msonkho la dziko lathu litero kuti wamalonda akataya ndarama caka cina, aloledwa kucotsa zotayikazo pa phindu la zaka zotsatira, kufikira zaka 6. Tiyerekeze kampani ya cigayo imene inataya K2,000,000 caka cino, ndipo caka ca mawa ipindula K5,000,000. A Malawi Revenue Authority adzawerengera msonkho pa K3,000,000 zokha. Popeza makampani alipira K30 pa K100 iriyonse ya phindu, kampaniyo idzapereka K900,000 m'malo mwa K1,500,000.

Ine nditi lamuloli nlacilungamo. Malonda satha pa caka cimodzi. Kumbukirani namondwe Freddy amene anasakaza Blantyre ndi maboma a kumwera m'mwezi wa March 2023. Madzi anakokolola katundu, ndipo eni ake anayambanso ndi ngongole. Kodi phindu loyamba la munthu wotere liri phindu leni-leni? Iai, iye angokwirira dzenje. Boma likamtengera zonse pamenepo, sitolo idzatsekedwa, anchito adzabwerera kumudzi, ndipo msonkho wa zaka za m'tsogolo udzatayika nawo. Wakumwa mkaka ayenera kusamala ng'ombe ikadwala.

Ena adzati, Boma lisowa ndarama za mankhwala ndi miseu, ndipo akamberembere adzanama kuti ataya caka ndi caka. Mau amenewa ali ndi nzeru. Ncifukwa cace lamulo linaika malire a zaka, ndipo wotayayo ayenera kuonetsa mabuku ndi malisiti ace.

Apa ndipo pagona bvuto. Makampani akulu ali ndi alembi odziwa kusunga mabuku, koma amalonda ang'ono ambiri asunga ciwerengero cao m'mutu. Tsoka likadza, alibe umboni, ndipo lamulo siliwathandiza.

Cifukwa cace tisapeputse phunziro la masamu ndi kasungidwe ka mabuku. Pa chuti cikudzaci, tiyeni tigule kope, tikhale pansi ndi makolo athu madzulo, tilembe zolowa ndi zoturuka tsiku ndi tsiku. Imeneyo ndi nchito yoyenera mwana wophunzira.