ZA MASEWERA: Samalani Maondo Polumpha

Atsikana a ku Utale amene musewera mpira wa manja, tamverani, ndi inu aphunzitsi omwe.

Mwawi Kumwenda mumdziwa nonse. M'chaka cha 2015 ku Sydney anamsankha kuti ndiye wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi. Koma mu 2018, akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia, mtsempha wa m'kati mwa bondo lake unaduka. Anamchita opaleshoni, nakhala pafupifupi chaka osasewera.

Kawirikawiri mtsempha umenewu suduka chifukwa cha kugundana ai. Uduka pamene munthu walumpha natera ndi mwendo umodzi wowongoka, bondo n'kupindikira m'kati. Lamulo la mpira wa manja liletsa kuyenda ndi mpira, ndiye mtsikana aima mwadzidzidzi, thupi lonse n'kulemerera bondo limodzi. Madokotala apezanso kuti ngoziyi igwera akazi koposa amuna.

Tsono potera yambani ndi kutsogolo kwa phazi, osati chidendene. Pindani maondo monga mufuna kukhala pampando, ndipo bondo liloze kumene zala zaloza. Ngati n'kotheka terani ndi miyendo iwiri. Mphunzitsi atchere khutu, pakuti wotera bwino samveka kuti di! Pa nthaka yathu ino, youma ngati njerwa m'mwezi wa October, wotera moipa amveka ali patali.

Bondo likalira kuti tha! n'kutupa tsiku lomwelo, musateme mphini. Mnyamuleni mwanayo apite ku chipatala cha Balaka.